Mtengo wa Pathanki Sufufutika

Dzina loti Nangananga anamupatsa ndi mayi ake, ndipo anamupatsa atatopa naye. Mwanayo sankadziwa kulandira mawu n'kukhala chete. Ukamuuza kuti tseka geti mbuzi zingalowe, iye, "Nanga zikalumpha?" Ukati thirira mbande dzuwa lisanakwere, iye, "Nanga kukagwa mvula masana?" Tsiku lina mayi akewo anangoponya kheni yothirira pansi, madzi khuthu, n'kunena kuti, "Iwe Nangananga iwe, udzandipha ndi mafunso!" Basi, dzinalo linakakamira ngati chisoso pa siketi. Lero ndi mayi wamkulu, imvi zayamba kusuzumira pamphumi, koma ngakhale makasitomala ake amamuitana choncho, ena osadziwa n'komwe kuti linali dzina lachipongwe.

Anakulira pa nazale ya mitengo ya zipatso, kumapeto kwa tauni kumene phula limathera. Bambo ake ntchito yawo ndi kumezanitsa. Amatenga tsinde la ndimu, poti ndimu imapirira, n'kulicheka pang'ono, n'kulowetsamo kamphukira kochokera ku lalanje lokoma, kenako n'kumanga ndi kapulasitiki. Mtengo waukulu umene amadulako mphukirazo amautcha kholo. Makolowo anali ndi mayina molingana ndi pamene anaima: Wapageti, Wakumpanda, Wokhota, ndi Wapathanki. Ndipo panali lamulo limodzi limene ngakhale waganyu wa tsiku limodzi ankalimva asanagwire wilibala: mbande isatuluke m'shedi yopanda kachitsulo. Tizitsuloto ankadula ku zitini zakale, n'kuboola ndi msomali dzina la kholo, n'kumangirira ndi waya pa mbande iliyonse.

"Munthu akagula mbewu ya nyemba yolakwika amalira chaka chomwecho n'kuiwala," ankatero mdalayo. "Koma mtengo umanama mwakachetechete. Udzadziwa kuti anakupusitsa mwana amene anali kumsana atayamba kale sukulu."

Mwa makolo onsewo, Wapathanki ndiye unali wapamtima. Anaubzala ndi mayi ake a Nangananga atangokwatiwa kumene. Kamphukira kake anabwera nako okha, atakakulunga m'kansalu konyowa, ndipo anamezanitsa ndi manja awo mwamuna wawo akungoyang'ana n'kumalangiza zosafunika. Malalanje ake anali a khungu lopyapyala, otsekemera mpaka ana ankanyambita zigongono. Mayiwo anamwalira Nangananga ali ku koleji. Kuyambira pamenepo mdala uja amamwera tiyi pansi pa mtengowo, atakhala pa ndowa yovundikira. Musaganize kuti amayankhula nawo mtengowo, ayi, si munthu wa zimenezo. Amangokhalapo basi, tiyi akatha n'kudzuka.

Nangananga sanatengere dzanja la bambo ake. Zomwe iye wamezanitsa zinkauma sabata isanathe. Anaphunzira za makompyuta, ndipo tsopano amapanga mawebusaiti m'kachipinda ka pamwamba pa malo omatira matayala. Makina opopera mpweya akayamba kubangula pansipo, tebulo lake limanjenjemera, kapu ya tiyi n'kumayenda yokha mpaka kumphepete. Makasitomala ake ndi anthu wamba: sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, mayi wina wogulitsa magalasi a maso, kagulu ka oimba. Onse amabwera ndi maganizo a mitundu, uyu akufuna buluu, uyu akufuna chithunzi chake chikhale pamwamba atavala suti. Iye amawamvetsera bwinobwino, akatha n'kuwafunsa funso lake limodzi lija limene limawagwetsa ulesi.

"Chabwino. Nanga ndi chiyani chimene simufuna kuti chidzachitike ngakhale kamodzi?"

Ena amaseka. Ena amapita kwa wina amene safunsa zambiri, ndipo iye zimamupweteka, chifukwa lendi sidikira munthu. Koma otsalawo amayamba kuganiza, ndipo mayankho awo ndiwo iye amamangira. Wa sukulu ya galimoto safuna ophunzira awiri apatsidwe galimoto imodzi pa ola limodzi. Wa magalasi safuna muyeso wa maso a munthu wina ukakhale pa dzina la wina. Mitundu ija amadzaiika pomalizira, ndipo nthawi zina, kunena zoona, imakhala yosaoneka bwino kwenikweni.

Ali ndi mchimwene wake mmodzi, wamng'ono kwa iye, amene aliyense amamutcha Changu. Changu ndiye anatsala pa nazale. Amayendetsa kalole, amakambirana ndi ogula, amalipira aganyu, ndipo amadya ataimirira. Si munthu woipa, tisamunenere. Kungoti kwa iye chinthu chimene chikuchedwa ndiye kuti chawonongeka. Ndiye tsiku lina anakwera masitepe a kachipinda kaja awiriawiri, n'kulowa osagogoda.

"Achemwali, anthu masiku ano akugula mbande pa foni. Ife tikungodikira pageti ngati alonda. Mutipangire webusaiti, koma mwamsanga. Mnzanga wina amene ndimaonera naye mpira akuti pali nkhokwe zamakono, umangoponyamo chilichonse, siifunsa. Akuti Loweruka likamafika zonse zatheka."

Apa mpofunika tifotokoze pang'ono. Chimene munthu amaona pa foni, zithunzi ndi mabatani zija, ndi khonde chabe. Kuseri kwake kumakhala nkhokwe imene akatswiri amati detabesi, mmene mumasungidwa zonse: zogulitsa, ogula, ndi amene anagula chiyani. Nkhokwezo zilipo za mitundumitundu. Ina ili ngati thumba, imalandira chimene wabwera nacho mmene chilili. Ina ndi ya matebulo olumikizana, chilichonse chili ndi mzere wake ndipo chimaloza ku chinzake, komanso ukhoza kuiphunzitsa kukana.

Nangananga sananyoze thumbalo. Anauza mchimwene wake kuti nalonso lili ndi ntchito yake, ndipo iye mwini analigwiritsapo ntchito kwa oimba aja posunga mauthenga a owakonda, zinthu zoti kamodzi kakasowa palibe amene angafe. Ndipo thumba nalo ukhoza kuliikira malamulo, koma malamulowo nthawi zambiri umawalondera wekha, ndipo tsiku limene waiwala ndilo bodza limalowa.

"Nanga anthu awiri akagula mbande yomaliza nthawi imodzi?" anafunsa.

"Mwayambatu," anatero Changu.

"Nanga waganyu akalemba Wapatanki, wina n'kulemba Wa pa thanki, wina n'kungosiya osalemba? Pakatha zaka ukhala ndi mitengo itatu ya pathanki, pomwe thanki ndi imodzi."

"Achemwali, ine ndikufuna kugulitsa mbande, sindikumanga bwalo la ndege."

"Kuthamanga sikufika, iwe."

Anakangana mpaka wa matayala pansi anazimitsa makina kuti amve bwino. Pomaliza anagwirizana zokaitula nkhaniyo kwa mwini nazale. Nangananga anakwera kalole ka mchimwene wake laputopu ili pamiyendo, ndipo anakawapeza bambo awo m'shedi akunola mpeni womezanitsira. Sanawauze mawu ovuta. Anatola tizitsulo titatu n'kutiyala pa benchi.

"Bambo, ili ndi tebulo la makolo. Ili ndi la mbande. Ili ndi la ogula. Mbande iliyonse iyenera kuloza kholo limodzi limene lilipodi pa tebulo loyambali. Munthu akafuna kulemba mbande yopanda kholo, makina akana. Akalemba kholo limene kulibe, akana. Akafuna kufufuta kholo ana ake akadali m'kati, akananso. Ndipo pogulitsa, kuchotsa mbande m'shedi ndi kuilemba pa dzina la wogula kumachitika pamodzi. Magetsi akazima pakati, zonse zimabwerera mmene zinalili, osati theka."

Mdalayo anasiya kunola. Anayang'ana tizitsulo tija kwa kanthawi, kenako anamuyang'ana mwana wake ngati akumuona koyamba.

"Ukunena kuti makinawo amatha kukana?"

"Amakana, Bambo."

"Ngakhale ali Changu?"

"Ngakhale muli inu."

Mdala anaseka mpaka kutsokomola. "Tenga amenewo. Aganyu ndawaphunzitsa kukana zaka zonsezi, palibe anamva."

Tsiku limenelo Nangananga anabwerera ku tauni mtima uli m'malo. Moyo wake wonse ankadziona ngati mwana amene anathawa ntchito ya pakhomo, wa manja oumitsa mbande. Koma apa bambo ake anali atavomereza kuti naye amamanga tizitsulo, kungoti take n'tosaoneka. Anasangalala kwambiri, ngakhale sanauze munthu.

Webusaitiyo sinathe Loweruka lija, kapena lotsatira lake. Itatha, Changu anayamba kulimbana nayo. Nyengo ina mbande zinachepa ogula ali ambiri, iye n'kukapikula zina kwa munthu wa m'mbali mwa msewu. Pozilemba, makina anafunsa kholo. Anasiya malowo opanda kanthu, makina anaonetsa mawu ofiira. Analemba kuti "lalanje basi", mawu ofiira. Analemba mawu ena amene sitingawabwereze pano, mawu ofiirabe. Anaimba foni akupsa mtima.

"Achemwali, chinthu chanuchi chili ndi mwano!"

"Si mwano, chikufunsa kholo."

"Kholo lake sindikulidziwa!"

"Ndiye ukugulitsa chiyani?"

Mbande zija anakazibweza, akung'ung'udza njira yonse. Koma pang'onopang'ono anazolowera, ndipo anayamba kunyadira pamaso pa ogula kuti kwawo mtengo uliwonse uli ndi mbiri yake. Malonda anakula. Aganyu anawonjezeka, shedi inamangidwa ina, ndipo mbande za Wapathanki ndizo zinkatha msanga kuposa zonse. Telala wina wa m'tauni, mnzawo wa mdala kuyambira kale, anagulitsa mashini ake osokera maso atayamba kufooka, n'kudzaza munda wonse ndi ana a Wapathanki okhaokha. Ankati akufuna kukalamba akununkhira malalanje.

Zaka zinapita. Kenako Wapathanki unayamba kusintha. Masamba a nthambi imodzi anachita mawanga achikasu, mbali ina kusiya ina. Malalanje anayamba kubwera aang'ono, opendekeka, owawa. Mdala anathira manyowa, anadulira, anathirira, n'kumati ndi ukalamba chabe. Koma mlangizi wa zaulimi, mayi wina wamtali wosakonda kuzungulira, atabwera anathothola masamba n'kupita nawo kokayeza. Atabweranso sanakhale pansi n'komwe. Anati matendawo ali m'madzi a mtengo, alibe mankhwala, amayenda ndi mphukira pomezanitsa, ndipo tizilombo touluka timawatenga kupita nawo ku mitengo ya anansi. Mtengowo udulidwe n'kuwotchedwa. Onse amene anagula mbande zake m'nyengo zapitazi auzidwe, kuti minda yawo iyezedwe matenda asanafalikire. Anati abweranso kudzaona kuti ndi angati.

Nangananga anamva nkhaniyo m'mawa wotsatira, pa foni, ndipo Changu sanayambire koyambira.

"Achemwali, chikukananso."

"Chikukana chiyani?"

"Ndikufuna kuchotsa Wapathanki. Chikuti pali mbande zimene zikuloza kumeneko."

"Ukuuchotseranji?"

Changu anayankha ndi mawu amene mlongo wake anali asanawamvepo, mawu a munthu amene sanagone bwino. "Si ine ndafuna. Ndi Bambo. Bwerani."

Nangananga anakwera minibasi nthawi yomweyo. Anawapeza bambo ake pansi pa mtengo uja, pa ndowa yawo, tiyi atazizira m'kapu. Nkhwangwa inali itatsamira pa thanki. Changu anaima chapatali, manja m'matumba, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wake sankaoneka wofulumira. Anamufotokozera zonse za mlangizi. Nangananga anakhala pa njerwa n'kutsegula laputopu, chifukwa sankadziwa pena poika manja.

"Kudula ndidula ndekha," anatero mdala, maso ali pansi. "Zimenezo sindikukana. Koma dzina lake lisamveke. Tauni yonse ikudziwa kuti mtengo uwu anabzala ndi mayi ako. Mawa anthu aziti mtengo wa mayi uja ndiwo unatiphera minda. Munthu woti sanalakwirepo aliyense, ndipo sangathe kudziyankhira. Ufufute, mwanangu. Ine sindinakupemphepo kanthu."

Zinali zoona, sanamupemphepo kanthu. Ngakhale pamene denga la shedi linasasuka ndi mphepo, iye anamva kwa anthu ena. Nangananga anamva chisoni chachikulu, ndipo anachitanso mantha, chifukwa anadziwa kuti angathe. Makina amakana Changu, amakana aganyu, koma iye ndi amene anamanga malamulowo ndipo kiyi wake anali naye. Anafunsa nkhokwe ija kuti ndani anagula ana a Wapathanki, ndipo sinachedwe, inatulutsa onse, aliyense ndi nambala yake ya foni. Telala anali pamwamba penipeni, poti ndiye anagula zambiri.

"Nanga minda ya anthuwa, Bambo?"

"Mwina sizinatengere zonse," anatero Changu mwakachetechete. "Mwina n'zochepa chabe. Tizitsulo tija anthu amataya, tina tinachita dzimbiri. Palibe angadziwe. Achemwali, aganyu onsewa ali ndi ana. Nkhani ikamveka, ndani adzagulenso kuno?"

Nangananga sanamukalipire. Mafunso ake onse aja anali atamuthera. Anayang'ana bambo ake, mmene khosi lawo linaondera m'kolala ya malaya, ndipo anaona kuti sangathe kuwakana pamaso. Zoti akanachitadi kapena ayi, mpaka lero sadziwa, ndipo sakonda kufunsidwa. Chimene akudziwa n'chakuti anaika zala pa mabatani n'kuyamba kulemba.

"Chabwino, Bambo. Koma makinawa salola mbande yopanda kholo, mukudziwa. Kuti ndichotse Wapathanki, ana ake onsewa ndiyenera kuwapatsa kholo lina. Ndilembe kuti anachokera ku mtengo wina. Tchulani mtengo wake."

Sanali kuwatchera msampha, ayi. Malowo ankafunikadi dzina, ndipo iye analibe mphamvu yosankha yekha.

"Ikani Wakumpanda," anatero Changu.

"Atchule Bambo," anatero Nangananga.

Mdala anadzutsa mutu. Anayang'ana Wakumpanda, mtengo umene anagula kwa wogulitsa woyendayenda wina ndipo malalanje ake ndi a khungu lokhuthala ngati chikopa. Anayang'ana Wokhota. Anayang'ana Wapageti. Kenako anatambasula dzanja kuti apatsidwe laputopu, chinthu chimene anali asanachigwirepo, n'kuiyandikitsa kumaso. Anayamba kuwerenga mayina a ogula aja mmodzimmodzi, milomo ikuyenda. Ambiri ankawadziwa. Uyu anabwera ndi njinga mvula ikugwa. Uyu anagula mitengo iwiri yokha, umodzi wa mwana aliyense. Sukulu ina inabzala mzere wonse kuseri kwa makalasi.

"Yonseyi ndi yake?" anafunsa.

"Yonseyi, Bambo. Ndipo iyi ndi ya zaka zimene tinayamba kulemba zokha."

"Kansalu konyowa kaja," anatero mdala, osauza aliyense. "Ine ndinamuuza kuti kamphukirako sikagwira."

Pansi pa thanki madzi ankadontha mu beseni, ndipo m'shedi waganyu wina anasiya kuimba atazindikira kuti kunja kuli nkhani. Misozi ya mdalayo inatsika osaipukuta.

"Ndiye ndinene kuti mitengo yonseyi anabereka ndi Wakumpanda? Wa makoko uja?" Anapukusa mutu. "Ayi. Ndi yake. Yokoma inali yake, yodwalanso ndi yake. Sindingamulande ana chifukwa choti adwala."

Anabweza laputopu. Nangananga anafufuta zimene anayamba kulemba zija, ndipo analira poyera ngati mwana. Changu anatembenukira ku mpanda n'kumachita ngati akukonza waya.

"Ndipatse foni," anatero mdala. "Yamba ndi telala."

Foni imeneyo inali yowawa. Telala anayamba ndi nthabwala monga mwa masiku onse, kufunsa ngati mnzakeyo waimba kuti adzathandize kupalira. Atamva nkhani anasiya nthabwala n'kufunsa kuti, "Ndiye ndizule?" Mdala anati ayambe ayezetsa, ndipo iye abwera yekha ndi kalole, ndipo mtengo uliwonse wozulidwa adzabwezapo wina. Telala anati mtengo ungabwezedwe, nanga zaka? Mdala anangoti, "Pepa, mnzanga." Telala anadula foni osatsanzika.

Anaimbabe. Nangananga ankawerenga nambala, Changu ankaimba, mdala ankayankhula. Ena anatukwana. Mayi wina anathokoza, nati bola amva msanga asanabzale munda wachiwiri. Ena sanayankhe, ndipo Changu, amene amadana ndi kudikira, anawalondola ndi kalole mpaka kumakomo kwawo. Minda ina inapezeka yabwinobwino, ina ayi. Wa telala unazulidwa pafupifupi theka. Chaka chimenecho malonda anatsika kwambiri, aganyu ena anapita, ndipo telala anatha miyezi osaponda pa nazale. Anadzabwera nyengo yobzala itayandikira, nkhope ili gwa, n'kunena kuti akufuna mbande za Wapageti, ndipo akufuna aone yekha pa makinapo kuti n'za Wapagetidi.

Wapathanki anaudula mdala yekha monga ananenera. Sanalole munthu kugwira nkhwangwa, ngakhale anapumira kambirimbiri. Nthambi anaziwotcha kuseri kwa shedi, chitsa anachikumba mpaka mizu, ndipo pamalopo panatsala dothi lofiira ndi thanki imene tsopano inkaoneka yamaliseche. Ndowa yawo sanaisunthe. Amakhalabe pomwepo, padzuwa, atavala chipewa.

Nangananga anawonjezera kanthu kamodzi kokha m'nkhokwe muja. Pa tebulo la makolo anaikapo malo olemba ngati mtengo uli moyo kapena unadulidwa, n'kuphunzitsa makina kuti asalole mbande yatsopano kuchokera ku mtengo wodulidwa. Atamaliza anapita kukawaonetsa bambo ake, masana ena kukutentha, Changu atapita kukasiya katundu.

"Ndiye uli momo?" anafunsa mdala.

"Uli momo, Bambo. Onani, Wapathanki. Palembedwa kuti unadulidwa, koma mzere wake ulipo."

"Ine ndikadzapita, Changu sadzauchotsa? Amakonda kusesa uja."

"Sangathe. Ana ake akadali m'minda ya anthu, ndipo onse akuloza pamenepa."

Mdala sanakhutire. Ndi munthu amene sakhulupirira mfundo ya waya mpaka ataikoka yekha. Anapukuta chala pa thalauza, chala chokhakhala chodzaza ndi zipsera za mpeni, n'kufunsa kuti batani lofufutira ndi liti. Nangananga anawaonetsa. Mdala anadina. Makina anafunsa ngati akutsimikiza. Anadinanso, mwamphamvu, mpaka laputopu inapendekeka pamiyendo ya mwana wawo.

Mawu ofiira aja anatuluka.

Mdala anawayang'ana nthawi yaitali, kenako anamuuza mwana wake kuti awawerengere, poti magalasi anali atawasiya m'nyumba. Nangananga anawerenga: kholo ili silingachotsedwe, lili ndi ana.

"Eya," anatero mdala, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. "Uzikana choncho."

Anatenga kapu yawo pansi n'kumwa tiyi, ngakhale anali atazizira kale.